Achemwali adapumira xenon mu sikana: kodi T1, T2* ndi ADC zikuti chiyani za mapapo awo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina wa kuno ku Zomba, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Akatswiri, ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ndipo ndimakhala ku Matawale. Achemwali anga ali ku England. Adadwalapo chifuwa chachikulu ali kuno, mankhwala adamaliza bwinobwino, koma mpaka lero akakwera masitepe amachita befu. Mwezi watha adawalowetsa m'kafukufuku wina: adawapumitsa mpweya wotchedwa xenon kuchokera m'kathumba ka pulasitiki n'kuwajambula ndi MRI. Anditumizira pa WhatsApp pepala lolembedwa ADC, T1 ndi T2*, ndipo akuti ADC yawo ndi yokwera kumtunda kwa phapo lamanja. Ati poti ndine wasayansi ndiwamasulire, koma ndagwira njakata. Mpweya umenewu si poizoni? ADC ikakwera ndiye kuti mapapo atha? Komanso mayi athu kumudzi ku Jali akubanika masiku ano. Tisonkhe ndalama kuti nawo akajambulidwe chomwechi?"

Aphunzitsi, mtima m'malo kaye. Achemwali anu sadapumitsidwe poizoni, ndipo nambala imodzi yokwera pa lipoti si chigamulo cha khoti. Xenon ali kale mumpweya umene tonse tikupumawu, ngakhale pakhonde panu ku Matawale alipo, kungoti ndi wochepetsetsa: magawo 87 pa magawo 1 biliyoni alionse. Mtundu umene amajambulira, xenon-129, sutulutsa cheza choopsa, ndipo MRI, njira yojambula m'thupi ndi maginito, nayo sigwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Khalidwe lake lokha loyenera kulidziwa ndi lakuti akachuluka amagonetsa munthu ngati mankhwala a ku fiyeta. N'chifukwa chake amapereka lita imodzi kapena yosakwana, munthu n'kugwira mpweya masekondi 10 mpaka 15 basi, namwino ali pambali kuyang'ana okosijeni pa kachida kopanira chala. Ena amamva chizungulire, dzanzi pamilomo, ena phwete osadziwa chimene akuseka, mawu n'kusanduka besi. Pakatha mphindi zochepa zonse zii. Muwafunse achemwali ngati sadalankhule ngati bambo atangotuluka. Ku America bungwe la FDA, loona za chitetezo cha mankhwala, lidavomereza xenon wojambulira mapapo mu December 2022, kutanthauza kuti chitetezo chake chidaunikidwa mokwanira. Choopsa chenicheni m'chipinda cha MRI ndi chitsulo chimene munthu angakhale nacho m'thupi kapena m'thumba, ndipo za ichi amafunsa munthu asanalowe.

Ndikuyankha motalika chifukwa ntchito imeneyi ndidaigwirapo zaka zingapo kunja ndisanabwerere kuno. Ine ndinali wodzaza matumba aja ndi wowerengetsa manambala pambuyo pake. Poti ndinu mphunzitsi, ndibwereka ana a sukulu yanu kuti andithandize.

MRI wamba imamvera haidrojeni wa m'madzi a m'thupi. Ubongo, bondo, chiwindi, zonsezi ndi madzi okhaokha, ndiye zimaoneka bwino. Phapo ndi chinkhupule: mpweya wambiri, mnofu pang'ono. Pa chithunzi cha MRI wamba pamene pali mapapo pamangoti bii. Choncho anthu adaganiza zojambula mpweyawo m'malo mojambula mnofu. Koma mpweya uli ndi maatomu ochepa kuposa madzi ka 1,000 n'kupitirira, ndipo pali vuto lachiwiri. Phata la atomu iliyonse ya haidrojeni, ya helium-3 kapena ya xenon-129 lili ngati kamaginito. Mukawaika m'maginito aakulu a sikana, ena amaloza kutsogolo ena kumbuyo, pafupifupi theka ndi theka, n'kumafafanizana. Pa sikana ya 1.5 tesla (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), mwa maatomu a haidrojeni 1 miliyoni, otsala osafafanizika ndi 5 okha kapena pamenepo. Chithunzi chonse cha MRI chimachokera kwa otsalawo. M'madzi zimatheka chifukwa maatomu ndi ankhaninkhani. Mumpweya sizikwana.

Yankho lake ndi kufoletsa maatomu kunja, munthu asanawapume. Amatenthetsa kachitsulo kotchedwa rubidium m'botolo lagalasi mpaka kachite nthunzi, n'kuwalitsamo laser ya 795 nm. Kuwalako kumalozetsa maelekitironi a rubidium mbali imodzi, ndipo rubidium akamagundana ndi xenon amamupatsira kulozako. Maziko a luso lofoletsa maatomu ndi kuwala adaika ndi Alfred Kastler wa ku France, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1966. Zikatha, m'malo mwa ochepa pa miliyoni, mumakhala ndi maatomu 30 kapena 40 pa 100 alionse otsala atafola mbali imodzi. Chithunzi choyamba chotere chidatuluka mu 1994, cha mapapo a mbewa, kuchokera kwa asayansi a ku Stony Brook ndi Princeton. Cha munthu chidabwera mu 1996 ndi helium-3, cha xenon mu 1997. Kwa zaka zambiri helium-3 ndiye adali mfumu, koma amachokera ku tritium wa m'nkhokwe za zida za nyukiliya, ndipo cha m'ma 2008 adasowa n'kukwera mtengo koopsa chifukwa ankalimbirana ndi zida zounikira katundu m'madoko ndi m'malire. Ndiye ambiri adasamukira kwa xenon, amene amasefedwa kuchokera mumpweya wamba.

Tsopano T1. Mwafoletsa ana pa asembule, mizere ili ndii. Mukachoka, mizereyo sikhalitsa. Wina atembenuka, wina akankha mnzake, mapeto ake balala. T1 ndi nthawi imene imatenga kuti mwa ofola aja mutsale 37 pa 100. Mu MRI wamba T1 ndi nthawi yobwerera mwakale, ngati chitsime chimene mukatunga chimadzadzanso. Kwa mpweya wofoletsedwa ndi laser kulibe kudzadzanso. Ndi ndowa yotunga kale, ndipo ndi yobooka.

Woboola wamkulu ndi okosijeni. Molekyu ya okosijeni ili ndi maelekitironi awiri opanda mnzake, choncho payokha ndi kamaginito kamphamvu, ndipo ikadutsa pafupi ndi atomu yofola imaisokoneza, monga amachitira mayi wa mandasi akaima kuseri kwa mpanda nthawi ya asembule. Helium-3 m'botolo lagalasi lapadera lopanda okosijeni amatha kusunga mzere wake maola oposa 100. Xenon wowumitsidwa mu naitrojeni wamadzi, ali pafupi ndi maginito, amapirira maola awiri kapena atatu. Koma akangolowa m'phapo, T1 imagwa n'kufika masekondi pafupifupi 20. Samu yake kwa helium ndi yokoma, mukhoza kuipereka kwa ana a Fomu 4: T1 ndi 2.6 kugawa ndi mphamvu ya okosijeni mu bar, muyeso wa kupanikiza kwa mpweya. M'timatumba ta m'phapo okosijeni ali pafupifupi 0.13 bar, ndiye 2.6 kugawa ndi 0.13 ndi masekondi 20. Sikana itakhala pamwamba pa phiri ku Ku Chawe, kumene mpweya ndi wopepukirapo, T1 ikadatalikirako pang'ono kuposa m'tauni muno.

Phunziro limeneli ndidaliphunzira ndi manyazi. Tsiku lina ndidadzaza thumba, ola lathunthu la ntchito ya makina, koma kapaipi kake sindidakatsuke mokwanira ndi naitrojeni. Agogo ena amene adayenda ulendo wautali adagona mu sikana, adapuma monga tidawauzira, adagwira mpweya mpaka nkhope kufiira. Pa kompyuta padangotuluka mchenga wokhawokha. Mpweya udalowa m'chifuwa mwawo wonse, koma udali utaiwala kale mzere wake usadachoke m'manja mwanga. Kuchokera tsiku limenelo kapaipi ndinkakatsuka katatu, wina aseke asaseke.

Kuyeza T1 kuli ndi msampha wake. Kuti sikana imve maatomu, imawagwedeza ndi kafunde ka wailesi, ndipo kugwedeza kulikonse kumadya gawo la mzere lomwe silibwerera. Mukawapendeketsa madigiri 10, chotsala chimachulukitsidwa ndi cos 10, ndiye kuti 0.985. Zikuoneka zochepa, koma chithunzi chimodzi chimafuna kugwedeza kambirimbiri, ndipo mukatero ka 100 mumatsala ndi 22 pa 100 basi. Ndiye madzi m'ndowa akuchepa pa zifukwa ziwiri: akudontha, komanso inu mukutunga ndi kapu nthawi iliyonse mukafuna kuona kuti atsala bwanji. Mulekanitsa bwanji? Tengani ndowa ziwiri zofanana. M'yoyamba tungani makapu 5 motsatizana msangamsanga. M'yachiwiri tungani makapu 5 omwewo koma mukudikira pakati. Makapu ndi ofanana, choncho kusiyana kwa madzi otsala ndi kwa chibowo chokha. Ndi mmenenso amachitira: zithunzi zingapo zotalikirana sekondi imodzi, zina zotalikirana masekondi angapo, n'kuchotsera. Ena amachita zonse m'kupuma kumodzi posinthasintha nthawi yodikira. Akapeza T1 ya kachigawo kalikonse ka phapo, amatembenuza samu ija n'kupeza okosijeni wa pamalopo. Pamene magazi akuyenda bwino, okosijeni amatengedwa msanga, T1 n'kumatalika pamene munthu wagwira mpweya. Pamene mtsempha watsekeka, okosijeni amangokhala osatengedwa, T1 n'kukhala yaifupi. Nzeru yake ndi yokongola, koma kunena zoona manambala ake amagwedezeka kwambiri, chifukwa mpweya umasuntha m'phapo muli mkati moyeza. Pa lipoti la achemwali, T1 mosakayika ili pamenepo pokonzera manambala ena, osati ngati chizindikiro cha matenda.

T2* ndi kuiwala kwa mtundu wina, ndipo ndi kwachangu kwambiri. Maatomu akangogwedezedwa amazungulira onse pamodzi ngati kwaya yoomba m'manja mogwirizana. Xenon pa 1.5 tesla amazungulira pa 17.7 MHz, helium pa 48.6, haidrojeni pa 63.9. Ya xenon ili pa shotiwevu penipeni, mpata wa mamita 16 umene madala ankasakapo BBC madzulo. N'chifukwa chake achemwali adavekedwa chinthu chonga jekete yopanda manja: ndi mlongoti wotchunidwa pa siteshoni ya xenon, poti wa sikana wamba sumva pamenepo. Koma m'phapo muli malire a mpweya ndi mnofu paliponse, ndipo pa malire alionse mphamvu ya maginito imakhota pang'ono. Atomu iyi ifulumira, iyo ichedwa, kuomba m'manja kuja n'kusanduka phokoso la mvula pa malata. Nthawi yosokonekerayo ndiyo T2*. Poyeza amagwedeza kamodzi n'kumvera kangapo motsatizana, kuona mmene mawu akuzimirira. Kwa mpweya m'phapo pa 1.5 tesla ndi mamilisekondi makumi angapo, pa 3 tesla imafupika, ndipo munthu akakoka mpweya wambiri imatalika. Kwa haidrojeni wa mnofu wa phapo ndi mamilisekondi 2 kapena osakwana, chifukwa chinanso chimene MRI wamba imaonera mdima. T2* ndi nambala ya ife okonza makina, yotiuza kuti tili ndi nthawi yochuluka bwanji yomvera. Achemwali asataye nayo tulo.

Pali chinthu chimodzi chimene xenon amachita chomwe helium satha. Pafupifupi magawo 2 pa 100 amasungunuka n'kulowa m'khoma la timatumba, kenako m'maselo ofiira a magazi, ndipo paliponse amasintha mawu pang'ono: magawo 197 pa miliyoni (ppm) m'khoma, 217 ppm m'maselo ofiira. Ndiye kupuma kumodzi kumatha kusonyeza mpweya umene uli m'thumba, umene uli m'khoma ndi umene wafika m'magazi. Ndi njira imeneyi ofufuza a ku Oxford ndi Sheffield adaonetsa mu 2021 kuti anthu ena obanikabe atachira COVID-19 mpweya sunkawoloka bwino kupita m'magazi ngakhale CT yawo, X-ray ya pakompyuta yoonetsa m'kati mwa chifuwa, inkaoneka yabwino. Ngati pa pepala la achemwali pali mawu akuti RBC, chidule cha maselo ofiira a magazi pa Chingerezi, nkhani yake ndi imeneyi.

Tifike pa ADC, imene yakusowetsani mtendere: pa Chingerezi ndi apparent diffusion coefficient, nambala yonena mmene maatomu a mpweya akumwazikira m'phapo. Izi mumaphunzitsa kale: Robert Brown mu 1827 adaona tinthu tikunjenjemera m'madzi, Einstein mu 1905 adalemba samu yake. Atomu ya mpweya siyenda mowongoka, imangogundidwa uku ndi uku ngati munthu woledzera pamsika. Mtunda umene imasochera mbali imodzi ndi sikweya ruti ya 2Dt, pamene D ndi nambala ya kamwazikidwe ka mpweyawo ndipo t ndi nthawi. Xenon wosakanikira ndi mpweya wamba, pabwalo popanda khoma, ali ndi D ya 0.14 cm²/s. Helium, poti ndi wopepuka, 0.88. Mupatseni xenon mamilisekondi 5, asochera pafupifupi 0.4 mm. Kathumba kamodzi ka m'phapo ndi kotambalala 0.2 mpaka 0.3 mm, ndipo munthu wamkulu ali nato pafupifupi 480 miliyoni. Mwaona pamene pagona nkhani: pa nthawi imeneyo atomu imafuna kuyenda mtunda woposa chipinda chake, ndiye imagunda khoma. Mwana womangidwa m'maso mukamusiya pa bwalo la mpira apita kutali. Mukamusiya m'kalasi azingogunda zipupa. Mukagumula zipupa za makalasi atatu kukhala holo, apitako patali. Sitiona zipupazo ndi maso, sikana siingathe kuona chinthu chaching'ono chotero. Timangoyeza kuti mwanayo wafika pati, n'kudziwa kukula kwa chipinda. Chilembo A chikuimira mawu otanthauza kuti "chooneka ngati", chifukwa si D yeniyeni ya mpweyawo, ndi D yopanikizidwa ndi makoma.

Kayezedwe kake kadachokera kwa Stejskal ndi Tanner mu 1965. Tiyerekeze kuti mwalipiritsa ana malinga ndi mzere wa desiki umene akhala: woyamba K10, wachiwiri K20, wachitatu K30. Mwatembenuka kulemba pa bolodi, kenako mwabweza ndalamazo malinga ndi mzere umene aliyense ali tsopano. Ngati palibe wasuntha, aliyense walandira yake yeniyeni. Ngati asinthana malo, wina wapindula wina waluza, ndipo akasuntha kwambiri kusiyanako kumakula. Sikana imachita chimodzimodzi: imapendeketsa mphamvu ya maginito kwa kanthawi kuti atomu iliyonse ipotozedwe malinga ndi pamene ili, kenako imapendeketsa mobweza. Yosasuntha imabwerera mwakale. Yosuntha imatsala yopotoka, siombanso m'manja limodzi ndi anzake, chithunzi n'kuzilala. Amajambula kawiri, kopanda kupendeketsa ndi kopendeketsa, n'kugawa. Mphamvu ya kupendeketsako amaitcha b, ndipo chotsala ndi e kukwezedwa ku minus b kuchulukitsa ndi ADC.

Kwa xenon ambiri amagwiritsa ntchito b ya 12 s/cm². Phapo labwino limapereka ADC ya pakati pa 0.03 ndi 0.04 cm²/s. Tengani 0.036: kuwala kotsala ndi 65 pa 100. Phapo la emphysema, matenda amene makoma a timatumba amagumuka, limapereka 0.055 kapena kuposa, ndipo pa 0.056 kotsala ndi 51 pa 100. Kwa helium labwino ndi pafupifupi 0.2, la emphysema 0.5 n'kupitirira. Ubwino wake ndi wakuti kugumuka kumeneku ADC imakuona msanga. Mwa osuta fodya ena imapezeka itakwera kale pamene kuyeza kouzira mu paipi kukunenabe kuti zonse zili bwino.

Koma nambala imeneyi ili ndi makhalidwe ake, ndipo apa ndi pamene anthu amadzipweteka nayo mtima pachabe. Imakwera munthu akakoka mpweya wambiri, poti timatumba tafufuma. Imakwera pang'onopang'ono ndi zaka ngakhale mwa munthu wathanzi. Munthu akagona chagada, kumsana imakhala yotsika kuposa kuchifuwa, chifukwa phapo limadzipsinja ndi kulemera kwake. Mukasintha b, kapena nthawi yodikira, kapena mpweya wosakaniza m'thumba, nambala isintha pa phapo lomwelo. Choncho 0.045 ya chipatala ichi si 0.045 ya chipatala icho, ndipo ya xenon simungaiyerekeze ndi ya helium imene mungaipeze pa intaneti. M'mapaipi aakulu a mpweya ADC imakhala yokwera mwachibadwa, poti mulibe makoma apafupi. Ndipo chimene ambiri sachidziwa ndi ichi: ADC imayezeka pokhapokha pamene mpweya walowa. Chigawo chotsekeka kotheratu sichipereka nambala iliyonse. Nthawi zina malo oipitsitsa m'phapo ndi amene ali chete pa mapu, osati amene akufiira.

Ndiye za achemwali. Sindidaone zithunzi zawo ndipo sindine dokotala wawo, koma mmene mwafotokozera sizikundidabwitsa. Chifuwa chachikulu chimakonda kumtunda kwa mapapo. Chikachira chimasiya zipsera, nthawi zina mphako, nthawi zina mapaipi otanuka osabwereranso, amene madokotala amati bronchiectasis, ndipo chipsera chikamakhwinyata chimakoka timatumba toyandikana nacho n'kutikulitsa. Zonsezi ndi zipinda zazikulu, zonsezi zimakweza ADC pamalo amodzi. Sizitanthauza kuti TB yabwerera, chifukwa ADC siona tizilombo. Sizitanthauzanso kuti zikuipiraipira, chifukwa kuyeza kamodzi sikunena kumene zinthu zikulowera. Ndipo sali okha. Kafukufuku wa ku Blantyre amene adasindikizidwa mu 2020 adatsata anthu 405 omaliza mankhwala a TB, ndipo mmodzi mwa atatu alionse kuyeza kouzira kudasonyeza vuto, pamene oposa 4 mwa 10 CT idapeza mapaipi otanuka. Kuchira TB ndi kukhala ndi mapapo akale ndi zinthu ziwiri zosiyana, kungoti kuno timatsanzikana ndi wodwala tsiku lomaliza mapiritsi.

Akakumananso ndi dokotala afunse izi: kukwerako kuli pamalo amodzi kapena phapo lonse? Kukugwirizana ndi zimene CT ikuonetsa pamalo omwewo? Malire a nambala yabwino pa sikana imeneyo, kwa munthu wa msinkhu wawo, ndi ati? Pa chithunzi cha kalowedwe ka mpweya, ndi gawo lalikulu bwanji limene silikulandira? Afunsenso ngati lipotilo lafika kwa dokotala wawo wa masiku onse, chifukwa za kafukufuku nthawi zina zimathera m'kabati ya ofufuza. Ngati ndi zipsera zakale, chithandizo chake n'chodziwika: masewero olimbitsa kapumidwe otsogozedwa ndi achipatala, kuphunzira kutulutsa makhololo, katemera wa chimfine ndi chibayo, inhela ngati mapaipi akuthina, ndi kutalikirana ndi utsi wa fodya.

Za mayi ku Jali, yankho langa ndi ayi, ndalamazo musasonkhere zimenezi. Makina ofoletsa mpweya kuno kwathu kulibe, ndipo ngakhale kunja amapezeka m'zipatala zowerengeka, zambiri zake za kafukufuku. Mwina tsiku lina zidzafika. MRI imene idaikidwa ku Queens mu 2008, yofufuzira malungo a mu ubongo mwa ana, idali ya 0.35 tesla, yofooka poyerekeza ndi za kunja, koma poti mzere wa xenon umachokera ku laser osati ku maginito, sikana yofooka si chopinga chachikulu, ndipo T2* imachita kutalika. Chopinga ndi mtengo wa makina, mpweya wake, magetsi osazima ndi anthu odziwa kuwasamala. Ine atandipatsa ndalama zimenezo ndingayambe ndagula zouzira zoyezera mapapo, za spirometry, n'kuphunzitsa anthu ozigwiritsa ntchito m'chipatala cha boma lililonse. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ngakhale mwambi umenewu m'nkhani ya mapapo ukundichititsa manyazi pang'ono.

Chimene chikubanikitsa mayi wachikulire wakumudzi nthawi zambiri chimapezeka ndi zinthu zotsika mtengo. Ayambire pa chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo ngati n'kofunika awatumiza ku Zomba Central. Apereke makhololo ayezedwe TB, makamaka ngati akhosomola masabata awiri, akuonda kapena akutuluka thukuta usiku, komanso poti m'banjamo mudadwalapo munthu. Kuyeza ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi zaulere. Ajambulidwe X-ray ya pachifuwa. Ayezedwe kuchuluka kwa magazi, BP, shuga ndi HIV, zaka zisawanamize. Dokotala awamvere mtima ndi kuwayang'ana miyendo, chifukwa kubanika kwa anthu ambiri achikulire kumachokera ku mtima wofooka osati ku mapapo, ndipo munthu wotere amalephera kugona chagada, amafuna mapilo awiri kapena atatu. Ngati spirometry ikupezeka, muipemphe. Imasiyanitsa mphumu, imene imamva inhela, ndi COPD, nthenda yokhalitsa yothinitsa mapaipi a mpweya, imene mwa amayi athu ambiri imabwera ndi zaka makumi zouzira moto pa mafuwa m'khitchini yopanda zenera.

Za utsizo ndinene mosabisa. Chitetezo mbaula imapulumutsa nkhuni, ndipo kuphikira panja kapena pamalo popita mphepo ndi nkhuni zouma n'kwabwino kuposa kudzitsekera. Koma kafukufuku wamkulu wa ku Chikwawa ndi Karonga, wa ana oposa 10,000, amene adasindikizidwa mu 2017, adapeza kuti mbaula zamakono zochepetsa utsi pazokha sizidachepetse chibayo mwa ana. Utsi uli ponseponse: zinyalala zootcha, koloboyi, moto wa anansi, fodya wa chingambwe. Mbaula muwagulire, koma isalowe m'malo mwa ulendo wa kuchipatala.

Musadikire kuti kuche ngati mayi akubanika atangokhala pansi, akulephera kumaliza chiganizo osapumira, akukhosomola magazi, milomo kapena zikhadabo zasintha mtundu, akumva kupweteka pachifuwa, thupi latentha kwambiri, kapena ayamba kulankhula zosokonekera. Pamenepo pezani galimoto, kabaza wanjinga ayi. Achemwalinso chimodzimodzi kumene aliko, ndipo iwo akangoona kuonda, thukuta la usiku kapena chifuwa chosatha, apemphe kuyezedwanso TB, poti amene adadwalapo ndi amene ali pachiopsezo chachikulu choidwalanso.

Mukapita ku Jali kumapeto kwa sabata, yendani nawo mayi kuchokera pakhomo kukafika pa mjigo. Muwerenge kuti aima kangati, ndipo akaima atenga masekondi angati kuti ayambenso kulankhula bwino. Mulembe zimenezo ndi tsiku lake pa tsamba lomaliza la buku lawo la kuchipatala, mukamuonetse dokotala, kenako mudzabwerezenso pa njira yomweyo pakatha mwezi atayamba mankhwala.